Mayi Edith Atuluka Pang'ono

Kuseri kwa chigayo cha m'mudzi wina wa ku Vubwi, kufupi ndi malire, kuli mwala waukulu wathyathyathya umene amayi amayanikapo mphale. Pamwalapo ndi pokhapo pamene foni imagwira netiweki ya Zambia. Mukatsikira kudambo imagwira ya Malawi, mukalowera kuphiri imayamba kukulonjerani m'Chipwitikizi. Ngati munadutsako m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti zaka zapitazi, muyenera kuti munaona bambo wamtali wa imvi za m'mbali atakhala pakati pa mphale za eni ake, akuingitsa nkhuku ndi phazi, maso ali pa foni. Amenewo ndi a Ezara Sakala. Anthu ankati mkuluyu akudikira kuti ana amutumizire kangachepe. Ayi ndithu. A Ezara ankadikira munthu wachilendo woti awatchulire dzina la akazi awo.

Anabadwira m'mudzi momwemo. Sukulu anaisiyira panjira, osati chifukwa cha kuuma mutu, koma chifukwa cha njinga ya amalume awo. Atangodziwa kupalasa, bolodi ndi choko zinatha ntchito. Ankadutsa tinjira ta m'tchire kukatenga shuga ndi sopo ku Malawi, mchere ndi nsomba zouma ku Mozambique, n'kumagulitsa mpaka ku Katete. Ntchito imeneyi inawaphunzitsa chinthu chimodzi chimene anakalamba nacho: kuyankha munthu msanga, mokoma, asanaganize n'komwe. Msilikali wa pamalire akafunsa za m'thumba, yankho linkatuluka lokha, mwini wake n'kumalimva pamodzi ndi msilikaliyo.

Edith Mbewe anakumana naye pa Kulamba, ku Mkaika, kumene Achewa a mayiko atatu amasonkhana kumapeto kwa Ogasiti. Edith ankagulitsa tiyi ndi zitumbuwa. A Ezara anatsamiritsa njinga yodzaza katundu pa mtengo wa chisakasa chake, chisakasa chonse n'kupendekeka. Mtsikanayo anawalalatira pamaso pa khamu lonse, iwo akungomwetulira ngati akuwayamikira. Anakonza chisakasacho, anamwa tiyi amene sankamufuna, anabweranso mawa lake, ndipo sipanapite nthawi anamanga banja. Monga mwa mwambo, anapita chikamwini kwawo kwa mkazi, mudzi woyandikana ndi Mkaika. Kunabadwa anyamata awiri amene anakula n'kupita ku Lusaka, kenako mtsikana wotsiriza, Brenda.

Nzeru ya zipinda inali ya Mayi Edith. Chaka chilichonse ankaona alendo a Kulamba akugona m'mabasi ndi m'makhonde a masitolo, amayi akuluakulu akusamba kumaso ndi madzi a m'botolo, ndipo zinkawawawa. A Ezara anaumba njerwa, Mayi Edith anatunga madzi, mpaka kuseri kwa nyumba kunaima mzere wa tizipinda ta malata. Kunena zoona, tizipindato tinalibe chodabwitsa: bedi, mpando, msomali wokolekapo jekete, basi. Chimene anthu ankabwererako ndi mayiyo. Munthu akagona kamodzi, chaka chamawa ankamulandira ndi dzina la mudzi wake, n'kumufunsa za ana mmodzimmodzi. M'mamawa aliyense ankapeza ndowa ya madzi ofunda pakhomo, osadziwa kuti yafika nthawi yanji.

Za intaneti anabwera nazo Che Waziri, mnzawo wa a Ezara, wobadwira ku Mangochi, amene anali ndi kashopu ka mafoni ndi fotokope ku Katete. Tsiku lina anafika pakhomo n'kuwajambula Mayi Edith ataima pakhonde, ketulo ili m'manja, diso limodzi atatsinzina chifukwa cha dzuwa. Mayiwo anadandaula kuti awajambula ndi chitenje chogwirira ntchito, koma Che Waziri anati chimenecho ndiye chokoma. Anawapangira katsamba kamodzi kokha: chithunzicho, ndi mawu akuti malo ogona pafupi ndi Mkaika, imbani mufunse Mayi Edith. Nambala anaika ya a Ezara, poti mayiwo foni ankaikana. Ankati imadula nkhani za anthu amene uli nawo pafupi.

"Mukuona apa, achimwene?" anatero Che Waziri, akuwalozera pa kompyuta m'shopu mwawo. "Munthu akalemba kuti akufuna pogona pa Kulamba, makinawa amamundandalikira mayina. Zili ngati pamsika. Amene ali pageti ndiye amagulitsa. Amene ali kumapeto, kufupi ndi zimbudzi, amabwerera naye tomato wake. Kulinso tsamba lachiwiri, lachitatu, koma kumeneko sikufika munthu."

"Nanga pagetipo amaikapo ndani?" anafunsa a Ezara.

"Amene anthu akumutchula kwambiri, akumutsegula kwambiri. Ena amachita kulipira, koma inu musavutike nazo zimenezo."

Katsambako kanakwera kokha. Kanalibe wopikisana nako, ndipo magulu a kwaya, aphunzitsi ndi azungu ojambula gule amene anagonako ankakalozera m'masamba awo. Posakhalitsa, aliyense wofufuza pogona ku Mkaika, woyamba kumuona anali mayi wa ketulo wotsinzina diso limodzi.

Mayi Edith anamwalira m'dzinja, chimanga chili m'maondo. Anagwa kumunda akupalira, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atatisiya kale. Pamalirowo anthu anawauza a Ezara kuti namfedwa sagwira ntchito, akhale pamphasa, koma iwo anali uku ndi uku: matabwa, galimoto, nkhuni, pogona alendo. Palibe anawaona akulira. Ena anati ndi munthu wolimba mtima, ena anang'ung'udza, koma zoona zake n'zakuti mkuluyu ankaopa kukhala pansi.

Patapita chaka, atamanga chiliza, akuchikazi anawasudzula. Alamu awo a Newton, mlongo wawo wa malemu, anayankhula mofatsa pansi pa mtengo wa mango. "Alamu, munatisungira bwino mlongo wathu. Lero takumasulani. Mukafuna kukhala, khalani. Mukafuna kukakwatira kwina, njira ndi yoyera." Munalibe chipongwe m'mawuwo. Koma kunena kuti mukafuna kukhala khalani, timauza mlendo, ndipo a Ezara anamva bwinobwino. Anamanga zovala pa njinga, zipinda n'kusiyira Brenda, amene anali atangomaliza maphunziro a makompyuta ku Chipata, n'kubwerera ku Vubwi kwa mlongo wawo.

Kumeneko ndi kumene anazindikira kuti dzina nalonso limafa. Ku Mkaika anali atasiya kale kunena kuti Edith. Ankangoti malemu, mawu atatsitsa. Ku Vubwi ambiri sankawadziwa n'komwe mayiwo, ndipo mlongo wawo wa a Ezara anali kalikiliki kuwalozera amayi amasiye a kutchalitchi. Zaka zonse zija za ukwati zinangoti zii, ngati kuti munthu sanachokepo pamudzi. A Ezara anasungulumwa koopsa, ndipo analibe womuuza.

Ndiye tsiku lina la Julayi, ali pamwala paja kuti aimbire Brenda, foni inalira. Nambala inali yachilendo, mawu a bambo wa ku Lilongwe.

"Pepani, nambalayi ndaipeza pa intaneti. Ndingayankhule ndi Mayi Edith?"

Munthuyo anatchula dzinalo mopepuka, mosatsitsa mawu, monga mmene timatchulira munthu amene ali kukhitchini. Ndipo pakamwa paja, pozolowera asilikali a pamalire, panayankha pokha.

"Atuluka pang'ono. Ndine amuna awo, ndikuthandizeni."

Anamuthandizadi, anamupatsa nambala ya Brenda. Koma potsika pamwalapo ankayenda ngati mnyamata. Kwa kanthawi kochepa kaja anali alinso mwamuna wa munthu, ndipo madzulo ake anadya bwino mpaka mlongo wawo anadabwa.

Tisafulumire kuwaweruza. Sanakhale pansi kuti akonze bodza. Linangoyanga lokha monga amachitira maungu a padzala. Kulamba ikayandikira mafoni ankachuluka, ndipo ena anali alendo akale ofuna kumva zambiri. Ali kuti mayi athu? Ali kudimba. Apita kukwaya. Aperekeza mlendo kumsewu. Chaka chotsatira Mayi Edith anayamba kudandaula bondo, poti munthu wa msinkhu wawo sangakhale wopanda kodwala. Anagula mbuzi. Anakangana ndi telala chifukwa cha bulauzi yothina. A Ezara ankatsika pamwala akuganizirabe bondolo, mpaka tsiku lina anapezeka ali pagolosale akufunsa mankhwala opaka. Atawagwira m'manja m'pamene thupi lonse linachita tsembwe. Anawasiya pakauntala n'kutuluka osatsanzika.

Anaphunziranso kufufuza okha. Ankalemba mawu aja ofufuzira pogona pa Kulamba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, n'kudikira kuti tsamba la mayina litseguke. Pamwamba penipeni pankabwera ketulo, chitenje chogwirira ntchito, diso limodzi. Pokumbukira mawu a Che Waziri, ankadina dzinalo tsiku ndi tsiku kuti lisatsike, ndipo amayi odzayanika mphale amene anali ndi mafoni ankawapempha kuti nawonso adineko. Amayiwo ankadina, akutsinana. Kaya kudinako kunkathandizadi, kaya ayi, a Ezara ankakhulupirira kuti akuwagwira akazi awo kuti asagwere kumene sikufika munthu. Chapansi, nthawi zina kutsamba lachiwiri, kunkaoneka dzina lina, la webusayiti yatsopano ya Brenda. Ankalilumpha ndi maso.

Brenda ndiye anali atagwira ntchito. Anaika magetsi a sola, anamanga mabafa, anajambula chipinda chilichonse, ndipo pa webusayiti yake analembapo mawu onse amene anthu amalemba akamafufuza pogona. Koma tsamba lakale linali ndi zaka, komanso masamba a anthu ena onse ankalozera komweko. Alendo ankaimbira nambala ya ku Vubwi, ndipo a Ezara akakhala kuti sali pamwala, alendowo ankangopita kwina. Brenda ankafuna kulowa m'tsamba lakalelo kuti asinthe mawu ndi nambala. Che Waziri anali atabwerera kwawo ku Mangochi, pasiwedi ataiwala kalekale, ndipo njira yokhayo yolowera inali manambala achinsinsi amene amatumizidwa ku foni ya a Ezara. Nthawi zonse Brenda akapempha, atate ake ankati netiweki ikuvuta. Za kudimba ndi za bondo mwanayo sankazidziwa. Alendo akafika n'kufunsa Mayi Edith, ankangoganiza kuti ndi chifukwa cha tsambalo, n'kuwauza yekha za malirowo.

Zinaphulika pa Kulamba ya chaka chatha. Amayi a kwaya ochokera ku Mchinji anafika pa minibasi atanyamula chitenje chatsopano ndi mafuta opaka bondo. Anafunsa Brenda ngati amayi abwerako kudimba, poti abambo pa foni, dzana lomweli, anati ali komweko akuthirira mpiru. Apa m'pamene Brenda anadziwa zimene atate ake ankauza anthu. Atawauza zoona, amayiwo anayang'anana, anayang'ana mzere wa zipinda, ndipo sanatsitse n'komwe zikwama. Anakagona m'minibasi momwemo. Mmodzi wa iwo atafika kwawo analemba ndemanga pa intaneti, ndipo ndemangayo inayamba kuoneka patsamba la mayina, pansi penipeni pa dzina la malowo: tinauzidwa kuti mwini wake ali kudimba, bondo likumupweteka, titafika tinamva kuti anamwalira kalekale, nanga bambo woyankha foni uja akukhala ndi ndani?

Nkhani yotere siichedwa. Ana anasiya kudutsa kuseri kwa zipinda. Mayi wina analumbira kuti anaona ndowa ikutuluka nthunzi pakhomo la chipinda chopanda munthu. A Newton, munthu wofatsa uja, anapukusa mutu n'kunena kuti mlongo wawo anamuika bwinobwino, koma angagone bwanji pamene wina akumuitanabe? Ngakhale madalaivala a malole amene ankagonapo pakati pa chaka anayamba kupitirira mpaka ku Sinda. Brenda ankasesa zipinda zopanda anthu, mwana ali kumsana, ndipo anadziwa kuti Kulamba ina ikadutsa chonchi adzatseka.

Julayi wa chaka chino anakwera minibasi mpaka ku Chadiza, kenako njinga yamoto. Atate ake anawapeza pamwala masana, pakati pa mphale. Anagwada, anapereka moni, anafunsa za azakhali, kenako anatulutsa foni yake.

"Atate, onani zimene anthu akuona akasacha. Werengani apa, pansi pa dzina."

A Ezara anali atawerenga kale kambirimbiri. "Anthu amalemba zilizonse, mwanangu."

"Nanga bondo la amayi analemba ndani?" Brenda anawayang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo. "Kulamba ndi mwezi wamawa, ndipo ndilibe bukingi olo imodzi. Anthu akuopa nyumba imene munamanga ndi manja anu. Ine amene, ndikamasesa chipinda chakumapeto, ndimacheuka. Peji yakale ija sindikufuna kuitaya, malo ake ndi abwino. Ndingosintha nambala ndi mawu. Chithunzi ndidzakusindikizirani chachikulu, cha m'fulemu."

"Chithunzi ndili nacho m'mutu muno," anatero a Ezara. "Iwe sukudziwa. Kwanu uko amati malemu. Kuno sawadziwa. Koma anthu awa akaimba amati Mayi Edith alipo? Amafunsa ngati munthu woti abwera pompano. Ukasintha, adzawatchulanso ndani amako?"

Brenda anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndi amayi anga inenso, atate. Koma amene ndimakumana ndi alendo pakhomo ndine. Inu mumawadzutsa pa foni, ine n'kumawaikanso m'manda chaka ndi chaka. Ndatopa nawo maliro amenewa."

A Ezara anayang'ana kuphiri. Chigayo chinali chitazima, ndipo pamwalapo panali chete moti foni italira, onse awiri anadzidzimuka. Nambala inali ya ku Malawi. Anaiyang'ana, anayang'ana mwana wawo, n'kuyankha. Mawu a mayi wachikulire ankamveka mpaka pamene panali Brenda.

"Abambo, muli bwanji? Ndine Hellen wa ku Dedza, uja ndinadwalira kwanuko malungo, amayi n'kundichotsa m'chipinda kukandigoneka m'nyumba mwawo. Papita zaka, ndinali ku Joni kwa ana. Ndabwerako tsopano, ndiye ndati chaka chino ndikawaone mayi anga aja. Alipo?"

Yankho linali lili kale pamilomo, lokoma, lofunda: atsikira kudambo, abwera posachedwa. A Ezara analimva likukwera. Brenda anangokhala chogwada pamwala wotenthawo, manja ali pamiyendo, akudikira.

"Mayi," anatero a Ezara. "Amake Brenda kulibe."

"Apita kuti? Ndiimbenso madzulo?"

"Musaimbe. Anatisiya. Edith anamwalira, mayi. Papita zaka tsopano."

Kenako m'kafoni kaja munatuluka kulira kwa maliro enieni, kochokera ku Dedza, kokweza, kosachita manyazi. "Mayo ine! Mayi wanga Edith ine! Mwapita osanditsanzika ine!" Amayi amene ankaola mphale anaimirira, malichero ali m'manja. A Ezara anaika foni pamwala, ikulirabe, anagwira mutu ndi manja awiri, n'kubuma ngati uthenga wawafika tsiku lomwelo. Amayi aja, osafunsa n'komwe kuti wamwalira ndani, anabwera kudzakhala pansi mowazungulira monga timachitira pasiwa.

Dzuwa litapendeka anapukuta nkhope ndi chipewa n'kunena kuti, "Tumiza manambala akowo." Uthenga unalowa, ndipo anawerenga manambalawo mokweza, imodziimodzi, Brenda akulemba. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti chithunzi chisachoke. Brenda anachisiya. Anachotsa nambala ya atate ake n'kuikapo yake, analozera tsambalo ku webusayiti yatsopano, anamuyankha mwaulemu mayi wa ndemanga uja, ndipo pansi pa chithunzi analemba kuti malowa anawayambitsa malemu Mayi Edith Mbewe, tsopano akuyang'anira ndi mwana wawo.

A Ezara anafufuza pa foni yawo nthawi yomweyo. Patsamba la mayina panali palembedwabe zakale, imbani mufunse Mayi Edith.

"Sizinasinthe," anatero, ndipo m'mawu mwawo munali kachiyembekezo kochititsa chisoni.

"Zimatenga masiku, atate. Makina aja ayenera adutsenso kaye, aone zatsopano."

Brenda anabwerera mawa lake. A Ezara anapitiriza kukwera pamwala m'mawa uliwonse, kulemba mawu aja ndi chala chimodzi, n'kuwapeza akazi awo akadali moyo pamwamba pa mndandanda. Sankadinanso. Ankangoyang'ana, podziwa kuti makinawo ali m'njira. M'mawa wina, mphepo ya Julayi ikuwomba, tsamba linatseguka, ndipo mawu aja akuti malemu anali atafika.

Pa Kulamba ya chaka chino zipinda zonse zinadzaza, mpaka Brenda anayala matiresi m'nyumba yaikulu. Mayi Hellen anabwera ndi nkhuku ya chipepeso. A Ezara anaitanidwa, koma anati adzapita chaka chamawa. Mwezi wonse wa Ogasiti anakhala pamwala paja, foni atatchaja, akuingitsa nkhuku pa mphale za eni ake. Foniyo sinalire.